Jekete la Mwezi wa Juni

Anandigwira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo,
ndili m'malaya odula manja ndi masilipasi.
Anandimasula mu Juni, patatha zaka zinayi,
nandibwezera malaya omwewo m'jumbo, akununkha nguwi.
Mphepo ya m'phiri la Dedza siwerenga zikalata za khoti.
Inandiweruzanso pachipata pomwepo.

Ndinaba malata khumi ndi awiri.
Ndinene bwinobwino, poti kale ndinkati
ndinangothandiza kunyamula:
ndinakwera ndekha padenga la mayi Nankhoma ku Bembeke,
iwo ali kuchipatala, kudikirira mwana wodwala.
Ndinazula misomali umodziumodzi, osapupuluma.
Mvula yoyamba inagwera m'matumba awo a chimanga.

Kumudzi anandilandira ndi maso.
Nkhuku ikasowa, mapazi onse ankalunjika kwathu.
Mkazi wanga ndinam'peza pakhomo pa mwini, ali ndi khanda kumbuyo.
Sindinam'de.
Zaka zinayi si ulendo wa kuchigayo.
Mwana wanga Lufeyo anagwada chapatali
nandipatsa moni wa alendo.

Kukhoma zidebe ndinaphunzira konko, m'kati,
kwa mkulu wina wa ku Kampepuza, a Kadzakumanja,
amene chifuwa chinawatulutsa chigamulo chisanathe.
Ankati: lata lopindika usalimenye ndi mkwiyo, limang'ambika.
Yamba m'mphepete.
Choncho ndinayamba m'mphepete,
kuseri kwa depoti, pamene mabasi amataya utsi,
ndi nyundo yobwereka ndi kachidutswa ka njanji.
Ndowa, mbaula, makheni othirira kabichi.
Alimi a kachewere ankabwera atagwira matumba awo zolimba,
koma ankabwera ndithu, poti kheni yanga sidontha.

Lata loyamba ndinalisenza pamutu mpaka ku Bembeke,
mphepo ikufuna kundiulutsa nalo limodzi.
Mayi Nankhoma sanandiyalire mkeka.
Analitembenuza uku ndi uku, naligogoda ndi chala,
nati: Atsala khumi ndi limodzi.
Lero atsala atatu.
Zoti andikhululukira sananene, nanenso sindifunsa.
Koma mwezi watha, nditatula,
anandipatsa madzi m'kapu yomwe amamwera iwo.

Tsiku la msika ndimavundukula kaunjika
kufuna jekete lotchipa, ngakhale lopanda zipi.
Ndikamva kuti mawa wina akutuluka
ndimakaima tsidya lina la msewu, litapachikidwa pamkono.
Amatuluka akuphethira ngati kunja n'kwachilendo,
jumbo m'manja, mapazi akudikira kulamulidwa.
Sindilalikira, Baibulo analimva kokwanira m'katimo.
Ndimangoti: Vala. Kwanu n'kuti? Ya basi uli nayo?
Kuli amene akukudikira?
Funso lomalizali ambiri amaliyankha ndi phewa.

Ena jekete amaligulitsa tsiku lomwelo, n'kulimwa.
Sitefano anagona kwanga milungu iwiri,
nachoka usiku ndi nyundo yanga ndi sizasi yodulira malata.
Ndinatukwana mpaka dzuwa kupendeka.
Kenako ndinakhala chete pa kachidutswa ka njanji kaja,
ndikuganiza za mayi wina akubwera kuchokera kuchipatala,
akweza maso, naona mitambo pamene panali denga.

Awiri anatsala, Damiyano ndi Chimphamba.
Mukamva kuseri kwa depoti
ngo! ngo! ngo! kosagwirizana, ngati akulimbana,
ndi iwowo. Damiyano amamenyabe ndi mkwiyo.
Ndimam'gwira dzanja: yamba m'mphepete.

Dzulo Lufeyo anabwera ndi ndowa ya amayi ake, yobooka pansi.
Watalika, mawu ayamba kukula.
Sananditchule chilichonse, bambo kapena dzina.
Anaima n'kumayang'ana ndikuika chigamba,
manja ali m'khwapa, akunjenjemera.
Pamsomali panali jekete la munthu wotuluka Lolemba.
Ndinalitsitsa.
Lolemba ndipita ndi langa.